Kagalu komwe ndinatenga kosungira agalu otayidwa sikakhazikika, ndipange bwanji?

mayi_wa_ku25

Moni nonse. Patha masabata atatu chitengereni kagalu kumalo ena osungirako agalu otayidwa kuno ku Lilongwe, kamphongo ka miyezi ngati 10, tinakatcha Tayiga. Anandiuza kuti anakatola pamsewu kali kowonda, thupi lonse mphere. Pano kanachira bwinobwino koma mphamvu zake abale eeh. Kakumba maenje padimba langa la mpiru, katafuna masilipasi a ana, zovala ndikayanika pachingwe kamakoka, mlendo akangolowa pageti kamamudumphira mpaka pachifuwa, sikaluma ayi koma ana ang'ono amalira. Usiku ndikakatsekera m'khola kamauwa mpaka aneba ayamba kudandaula. Kubweza sindikufuna chifukwa ndakakonda kale. Nde ndipange bwanji? China, bambo akunyumba sakumvetsa kuti ndinalipira ndalama potenga galu woti anachita kutola, akuti kumudzi agalu timangopatsana ulere. Ndalamazo zimagwira ntchito yanji kodi, ndikufuna ndiwafotokozere bwino.

achimwene_aku_Ndirande

Mayi gulani tcheni basi mumumange masana, usiku muzimumasula azilondera. Galu ntchito yake ndi imeneyo. Wanga ndimatero ndipo dimba palibe chimachitika.

wokonda_ziweto

Achimwene pepani koma pa tcheni apo sindikugwirizana nanu. Dimba lipulumuka inde, koma galu wamng'ono womangidwa tsiku lonse mphamvu zija zilibe kopita, amayamba kulusa ndipo tsiku lomwe tcheni idzaduke ndi lomwe adzalume mwana wa eni.

Mayi, galu wa miyezi 10 ali ngati mnyamata wongotha msinkhu, ambiri amayamba kufatsa akamakwanitsa chaka ndi theka kapena zaka ziwiri. Wanuyo sakuchita mwano, akungosowa chochita. Muzituluka naye pachingwe m'mawa kusanatenthe ndi madzulo, mphindi 30 kapena kupitirira, ndipo musamamukoke akaima kununkhiza chifukwa kununkhizako kumamutopetsa mutu kuposa kuthamanga. Ana azimuponyera mpira wachikulunga. Chakudya china muzimwaza pakapinga azichita kufunafuna. Zotafuna mupatseni zake, chingwe chokhuthala chomanga mfundo kapena fupa lalikulu la ng'ombe, koma mafupa a nkhuku ophika ayi, amasweka mosongoka n'kumubaya m'mimba. Akadumphira munthu, munthuyo atembenuke osamuyang'ana osamugwira, akakhala pansi mpamene mumuyamikire ndi kanthu kakudya. Koma nyumba yonse ichite chimodzimodzi, ana akamamulola kudumpha inu mukuletsa palibe chomwe angaphunzire. Ndipo musamumenye chonde, galu wokulira pamsewu anagendedwa kale mokwanira.

Za ndalamazo, bambo awerengere okha. Galu akatoledwa ali ndi mphere amafunika mankhwala masabata angapo, amwe a njoka zam'mimba, achotsedwe nkhupakupa ndi utitiri, ena amabwera ndi mphutsi pakhungu zofunika kufinya. Kenako katemera wa chiwewe, wa parvo matenda aja kagalu kamasanza ndi kutsegula magazi n'kufa m'masiku ochepa, wa distemper matenda enanso oopsa a agalu. Kenako kufula kapena kutseka ngati ali wamkazi, imeneyo ndi opareshoni yeniyeni yomugoneka tulo. Onjezerani chakudya cha tsiku ndi tsiku miyezi yonse akudikira womutenga, malipiro a anthu osesa makola, mafuta a galimoto yokamutola. Mupite kwa dokotala wa ziweto aliyense mukafunse mtengo wa zonsezi chimodzichimodzi muone ngati zomwe munalipira zikufikapo. Galu waulere wakumudzi uja ndi waulere tsiku lomutenga lokha.

nesi_waku_BT

Ine ndiwonjezere pa chiwewe chifukwa nkhaniyi imandikhudza kwambiri. Munthu zizindikiro zikangoyamba kuoneka sachira, ndipo ambiri omwe amalumidwa ndi agalu amakhala ana. Kuno ku Blantyre a bungwe lolimbana ndi chiwewe la Mission Rabies anayamba kubaya agalu katemera waulere mu 2015, cholinga nkuti agalu 7 mwa 10 alionse abayidwe chifukwa zikafika pamenepo matendawa amalephera kufalikira. Ku Lilongwe kuli bungwe loteteza ndi kusamalira nyama la LSPCA lomwe linayamba mu 2008, limachiza ziweto, kubaya katemera ndi kutseka agalu. Ntchito ngati zimenezi zimayenda ndi thandizo la anthu akufuna kwabwino, nde ndalama yomwe munthu wapereka potenga galu kumalo otere imakathandiza wina yemwe akadali pamsewu. Galu wamkazi mmodzi amatha kubereka kawiri pachaka, mimba yake miyezi iwiri yokha, tiana timeneti ndi tomwe timathera m'ngalande kapena kugulitsidwa pamsewu padzuwa tisanasiye kuyamwa. Mayi, khadi la katemera la Tayiga musunge bwino, tsiku lobwereza linalembedwa pomwepo. Ndipo wina akalumidwa kapena kukandidwa ndi galu wosamudziwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi oyenderera mphindi 15 kenako kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira.

mayi_wa_ku25

Zikomo kwambiri nonse. Dzulo madzulo ndinayenda naye pafupifupi ola lathunthu, atafika anangomwa madzi n'kugona pakhonde, usiku wauwa kamodzi kokha. Bambo ndawawerengera zomwe mwalembazi, akhala chete kenako akuti Loweruka adula nsungwi atchinge dimba. Funso lina, deya wophika ndi bonya akukwanira kapena ndiziwonjezera chiyani poti akadakula?