Oyilo akudonthabe kumbuyo kwa injini ngakhale tasintha seal kawiri

Akuluakulu, ndithandizeniko nzeru. Ndili ndi Toyota Hilux yakale ya dizilo, injini ya 3L ija ya 2.8, yomwe ndimanyamulira chimanga ndi mtedza kupita kumsika. Oyilo akudontha pamene injini imakumana ndi giyabokosi. Ikagona usiku, m'mawa ndimapeza banga lakuda pansi, lalikulu ngati mbale ya ndiwo.

Oil seal (kalabala kotchinga oyilo kuti asatuluke) yakumbuyo kwa crankshaft (chitsulo cha m'injini chomwe mapisitoni amazunguza) tasintha kawiri chaka chino. Amene munagwirapo ntchitoyi mukudziwa kuwawa kwake: kutsitsa giyabokosi, kuchotsa kilatchi ndi flywheel (chimbale chachitsulo pomwe kilatchi imamangidwa), tsiku lonse kutha chifukwa cha kalabala kamodzi. Ulendo woyamba tinaika yotchipa, mlandu ndi wanga. Wachiwiri ndinagula yodula, koma patangotha milungu itatu zinayambiranso. Tsopano kilatchi yayamba kuterereka pamtunda ndikasenza katundu.

Chomwe chikundivutitsa maganizo n'chakuti makaniko atachotsa seal ija, ndinapititsa chikhadabo pomwe imakhala pa crankshaft, n'kumva kamzere kokumbika. Iwo anati palibe vuto. Ine sindinakhutire. Komanso ndikatsegula potsirira oyilo injini ikulira, pamatuluka utsi ndithu.

Ndiye kodi kamzereko ndi komwe kakudya seal, kapena ndi mpweya wodutsa m'mapisitoni womwe ukukankha oyilo? Alipo amene anaikapo sleeve (kamkombero kachitsulo kopyapyala) pamalo okumbikawo osachotsa crankshaft? Inakhalitsa? Nanga ndingatsimikize bwanji kuti si gasket ya sump (chosungira oyilo pansi pa injini), ndisanatsitsenso giyabokosi kachitatu? Ndalama yokonzera injini yonse ndilibe pakadali pano.