Bwana akukana password manager, koma mapasiwedi onse ali mu Excel

Wa IT pa ofesi yaing'ono:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimasamalira makompyuta pa ofesi ya anthu 23. Nditayamba ntchito ndinapeza kuti mapasiwedi onse a kampani, a banki, a imelo, a tsamba la Facebook, a rauta, a pulogalamu ya malipiro, ali mu fayilo imodzi ya Excel pa foda yogawana. Aliyense amene ali pa netiweki akhoza kuitsegula. Sabata yatha wina wa ku akaunti anasiya ntchito atakangana ndi mabwana, ndiye ndinachezera usiku wonse ndikusintha mapasiwediwo imodziimodzi. Nditafika pa mzere wa 17 mtima unagunda: pasiwedi ya banki inali yofanana ndi ya Wi-Fi ya alendo, kusiyana kwake nambala imodzi kumapeto.

M'mawa mwake ndinakauza bwana kuti tiyambe kugwiritsa ntchito password manager, pulogalamu imene imasunga mapasiwedi onse m'bokosi lokhoma limene limatsegulidwa ndi pasiwedi imodzi yaikulu. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ukufuna ndipereke makiyi a nyumba yonse kwa munthu amene sindinamuonepo? Nanga a LastPass aja sanaberedwe?" Ndinasowa poyambira, chifukwa nkhaniyo ndi yoona: LastPass ndi kampani ya password manager, ndipo inaberedwadi. Safunsa anadya phula. Inu amene mwagwira ntchitoyi nthawi yaitali, zinthu zimenezi n'zodalirikadi? Ndipo bwanayu ndimuyankhe chiyani?

Mkulu wa ma seva:
Achimwene, bwana wanu sanalakwe kufunsa, ndipo musamubisire. Mumufotokozere nkhaniyo yonse, chifukwa ikamveka bwino imakuthandizani inuyo.

Mu Ogasiti 2022 akuba analowa m'malo amene LastPass imakonzera pulogalamu yake n'kutenga zinthu za mkati. Zimene anatengazo zinawasonyeza munthu woti amusake: injiniya mmodzi mwa anayi okha amene anali ndi makiyi a malo osungira mabakapu. Sanamulowere ku ofesi ayi. Anamulowera kunyumba, kudzera pa pulogalamu yoonera mafilimu ya Plex, yakale yosakonzedwa, imene inali pa kompyuta yake, n'kuikamo kapulogalamu kolemba batani lililonse limene munthu wadina. Pasiwedi yake yaikulu anaigwira pomwepo. Pa 22 Disembala 2022 kampaniyo inavomera kuti mabokosi a makasitomala anakopedwa.

Tsono apa mpamene pali phata. Zimene akuba ananyamula ndi mabokosi okhoma. Mayina olowera ndi mapasiwedi zinali zotsekedwa ndi njira yamphamvu yobisira deta yotchedwa AES-256, ndipo kiyi wake amapangidwa kuchokera ku pasiwedi yaikulu ya mwiniwake, imene kampani siisunga. Wakuba akakhala ndi bokosi lanu m'manja, palibenso womuletsa kuyesa, akhoza kumangoganizira mapasiwedi usana ndi usiku pa makina ake. Amene anali ndi pasiwedi yaikulu yaitali ndi yosaganizirika anapeza mpata wosintha zinthu zawo. Amene anaika dzina la mwana ndi chaka chobadwa anali pangozi yeniyeni.

Zinthu ziwiri zimene ine zinandikwiyitsa: ma adiresi a mawebusayiti m'mabokosimo sanali otsekedwa, choncho wakuba amatha kuona kuti uyu ali ndi akaunti ku banki yakuti, uyu amasunga ndalama za crypto, n'kusankha woyamba naye. Chachiwiri, maakaunti ena akale anasiyidwa ndi chitetezo chofooka cha zaka zam'mbuyo.

Mayi wa za chitetezo:
Ndiwonjezere pa chachiwiricho, chifukwa anthu ambiri sakudziwa kuti ali ndi mphamvu yochiona okha. Pasiwedi yaikulu siisandulika kiyi mwachindunji. Imapotozedwa kambirimbiri ndi njira yotchedwa PBKDF2, kuti kuyesa kulikonse kwa wakuba kuzimudyera nthawi. Pa nthawi ya kuba ija LastPass inkaika maulendo 100,100 pa maakaunti atsopano, koma ena akale anali pa 5,000 kapena kucheperapo. Mu 2023 a OWASP, bungwe lolangiza za chitetezo cha mapulogalamu, anakweza malangizo awo kufika pa 600,000, ndipo password manager ina, Bitwarden, inatengera nambala yomweyo n'kuwonjezeranso njira ina yopotozera yotchedwa Argon2id, imene imafuna memory yambiri kotero kuti makadi a zithunzi a m'kompyuta (ma GPU) amene akuba amagwiritsa ntchito poyesa mapasiwedi sathamanga nayo. Password manager inanso, 1Password, inatenga njira ina: kuwonjezera pa pasiwedi yanu pali Secret Key ya zilembo 34 imene imapangidwa pa chipangizo chanu ndipo siipita ku seva yawo. Wina ataba bokosi ku seva, popanda kiyi ameneyu kuganizira pasiwedi sikumufikitsa kulikonse.

Koma achimwene, musalole antchito anu kudzipangira pasiwedi yaikulu ya m'mutu. Munthu akauzidwa kuti "ikani yovuta" amalemba dzina la mkazi wake n'kuika @ m'malo mwa a. Ine ndimabwera ndi madayisi enieni pa tebulo. Njira ya Diceware, imene Arnold Reinhold anaiyambitsa mu 1995, ili ndi mndandanda wa mawu 7,776. Mumaponya dayisi kasanu, manambala asanuwo amakupatsani liwu limodzi. Mawu asanu ndi limodzi amakwana pafupifupi ma bit 77 (muyeso wa kuvuta kwa kuiganizira pasiwedi). Munthu amawaloweza m'masiku awiri kapena atatu akamawalemba m'mawa uliwonse. Chinthu chimodzi chokha, asasinthe liwu chifukwa silikumusangalatsa. Akayamba kusankha yekha, mphamvu yake yatha.

Wa netiweki:
Pepani akuluakulu, ine ndili mbali ya bwanayo pang'ono. Makampani onsewa amanena kuti "sitingathe kuona zanu", koma pulogalamu imene imatsegula bokosi lanu ndi iwo amene amaitumiza. Tsiku lina wakuba atalowa pa njira yawo yotumizira ma update, mudzalemba pasiwedi yanu yaikulu m'pulogalamu yoipa osadziwa. Komanso seva yosunga mabokosi a anthu mamiliyoni imakopa akuba kuposa fayilo ya ofesi imodzi. Ine ndimagwiritsa ntchito KeePassXC, password manager yosadalira seva ya kampani. Bokosi lake ndi fayilo imodzi ya kdbx, ili pa chipangizo changa, ndi key file (fayilo yogwira ntchito ngati kiyi) pa flash. Palibe kampani pakati.

Mkulu wa ma seva:
Achimwene a netiweki, zimene mwanena za ma update ndi zoona ndipo sindikutsutsani. Kungoti ngozi yomweyo ili pa Windows, pa browser, pa antivirus, ngakhale pa KeePassXC yomweyo mukaitsitsa. Kwa inu nokha, munthu wodziwa, KeePassXC ndi yabwino kwambiri. Koma ganizirani anthu 23. Ndinayesapo fayilo imodzi ya kdbx pa foda yogawana kuntchito kwina. Anthu onse ankadziwa pasiwedi imodzi, ndiye aliyense ankaona chilichonse. Wina anakopera fayiloyo pa laputopu yake kuti azigwirira kunyumba, patatha miyezi itatu tinali ndi mafayilo anayi osiyana, osadziwika kuti lenileni ndi liti. Ndipo palibe chosonyeza kuti ndani anatsegula pasiwedi iti. Imeneyo ndi Excel yomwe ija, yangovala jekete.

Komanso kukhala pa chipangizo chanu sikutanthauza kuti palibe bowo. Mu 2023 KeePass yoyambirira, imene ndi pulogalamu yosiyana ndi KeePassXC, inapezeka ndi vuto loti pasiwedi yaikulu imatha kutoledwa mu memory ya kompyuta, analikonza mu version 2.54. Ngati bwana akuumirira kuti zinthu zisatuluke pa ofesi, Bitwarden imalola kuiika pa seva yanu. Koma dziwani kuti mukatero, ma update, mabakapu ndi kuiteteza usiku ndi usana zonse zagwera inu nokha, munthu mmodzi amene mukusamaliranso maprinta.

Wa netiweki:
Za anthu 23 ndavomera. Ine ndimaganizira za ine ndekha. Koma mfundo yanga ikhalebe: asamuuze bwana kuti n'zosatheka kuberedwa.

Wongoyamba kumene ntchito:
Mafunso a mwana, mundikhululukire. Bwanji osangouza anthu kuti azisunga mu Chrome kapena Edge? Zilipo kale ndipo anthu anazizolowera.

Mayi wa za chitetezo:
Funso labwino mwanawe. Kusunga mu browser n'kwabwino kuposa kubwereza pasiwedi imodzi paliponse, zimenezo ndisabise. Koma pa ofesi pali mavuto awiri. Loyamba, anthu amalowa mu Chrome ndi akaunti yawo ya Gmail, ndiye mapasiwedi a kampani amapita nawo kunyumba ndipo akasiya ntchito simungawabweze. Lachiwiri, mapulogalamu akuba ngati RedLine ndi Lumma malo oyamba amene amafufuza ndi mapasiwedi ndi ma cookie (timafayilo tosunga kuti mwalowa kale pa webusayiti) a mu browser. Munthu wangotsitsa pulogalamu yobedwa kuti asalipire, m'kanthawi kochepa zonse zapita.

Ndipo apa ndinene mosapsatira kwa tonse. Kompyuta ikakhala ndi kachilombo kotere, password manager iliyonse ili pangozi ikangotsegulidwa. Injiniya wa LastPass uja anagwa choncho. Ndiye achimwene a pa ofesi yaing'ono, ngati antchito anu onse ali ndi ufulu wa admin pa makompyuta awo, yambani ndi kuwalanda umenewo tsiku lomwelo limene mukuika password manager. Muikenso kuti bokosi lizidzitseka lokha pakapita mphindi zochepa.

Wothandiza makasitomala pa foni:
Pali ubwino wina umene sunatchulidwe, ndipo kwa ine ndi umene umapulumutsa anthu tsiku ndi tsiku. Password manager imayang'ana adiresi ya webusayiti isanadzaze pasiwedi. Maso a munthu wotopa sasiyanitsa rn ndi m, koma iyo imasiyanitsa. Ikakana kudzaza, ndiye kuti ikukuchenjezani. Troy Hunt, katswiri wa chitetezo komanso mwini wake wa Have I Been Pwned, tsamba losonyeza maakaunti amene anaberedwa, analemba yekha mu Marichi 2025 kuti anakodwa ndi imelo yabodza yonamizira Mailchimp, kampani imene ankatumizira maimelo kwa omutsatira. 1Password sinadzaze pa tsambalo, iye ali wotopa ndi ulendo anaika yekha, ndipo mndandanda wa omutsatira unabedwa. Ngati zinamuchitikira munthu ngati ameneyo, kuli bwanji wa ku akaunti Lachisanu madzulo. Pophunzitsa anthu anu, muwauze mobwerezabwereza kuti ikakana kudzaza asakopere pamanja, akuimbireni.

Mkulu wa ma seva:
Zoonadi. Tsono achimwene, kuti musakachezerenso usiku, mverani izi. Musaike zonse m'bokosi limodzi logawana. A ku akaunti aone za ku akaunti zokha, a zamalonda aone za masamba a kampani zokha, za rauta ndi seva zikhale za inu ndi bwana. Paliponse pamene webusayiti ikulola, munthu aliyense akhale ndi akaunti yakeyake m'malo mogawana imodzi. Ndipo musanamizidwe: kuchotsa munthu mu password manager sikufufuta zimene anaona kale. Akachoka muyenera kusinthabe. Kusiyana kwake n'koti mudzasintha zisanu zimene iye ankafikira, osati zonse.

Pa akaunti ya password manager yeniyeniyo pakhale chitetezo chachiwiri, makamaka kiyi wa m'manja ngati YubiKey kwa inu ndi bwana, awiriawiri kuti wina akatayika musatsekeredwe kunja. Dziwani kuti chimenechi chimaletsa munthu kulowa pa khomo, koma sichithandiza bokosi likabedwa ku seva, pamenepo imagwira ntchito ndi pasiwedi yaikulu ija basi. Za banki ndi imelo ya admin, ma code ake achiwiri musawasunge m'bokosi lomwelo limene muli pasiwedi.

Mayi wa za chitetezo:
Ndipo lembani pa pepala. Inde, pepala. Pasiwedi yaikulu ya admin, ma recovery code (ma code olowera mukataya chitetezo chachiwiri), ndi Secret Key ngati mwasankha 1Password, muziike mu envelopu yomata, mu sefa ya kampani. Makampaniwa sangakubwezereni pasiwedi imene iwo alibe. Ndinaonapo ofesi imene wa IT anadwala mwadzidzidzi ndipo palibe wina aliyense amene ankatha kutsegula. Anthu amaopa kwambiri akuba n'kuiwala kuti kudzitsekera kunja nakonso kumaimitsa ntchito. Muzitenganso bakapu yotsekedwa ya bokosilo nthawi ndi nthawi, ndipo muyese kuitsegula kamodzi kuti mutsimikize kuti ikugwira.

Chinanso, musawakakamize anthu kusintha pasiwedi yaikulu mwezi uliwonse. A NIST, bungwe la boma la America loona za miyezo, anasiya kulangiza zimenezo mu 2017, chifukwa zimangochititsa munthu kusintha 1 kukhala 2, ngati ya Wi-Fi yanu ija. Isinthidwe pakakhala chifukwa.

Wa IT pa ofesi yaing'ono:
Akuluakulu, zikomo kwambiri, ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera. Sindinamuuze bwana kuti n'zosatheka kuberedwa, monga anachenjezera achimwene a netiweki. Ndinamufotokozera za LastPass momwe munalembera, mpaka za ma adiresi osatsekedwa. Kenako ndinamupempha kuti tipite pa kompyuta ya pa risepishoni, imene ophunzira ntchito amagwiritsa ntchito. Ndinatsegula foda yogawana, ndinadina kawiri, pasiwedi ya banki n'kuonekera pa sikirini pamaso pake. Anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa kuti fayiloyo yakhala pamenepo nthawi yaitali bwanji. Sindinathe kumuyankha kuti ndani anaikoperapo, chifukwa palibe njira yodziwira.

Wavomera kuti tiyambe ndi anthu asanu a ku akaunti kwa mwezi umodzi. Za banki wakana kuti zilowemo pakadali pano, akuti azisunga yekha mu sefa, ndipo sindinalimbane naye. Madayisi ndagula, tikhala pansi Lolemba. Excel ija ndaichotsa pa foda yogawana, koma ndakumbukira kuti ili m'mabakapu a seva a miyezi ingapo yapitayo, ndipo mwina ili m'maimelo a anthu.

Mkulu wa ma seva:
Musavutike kusaka makope onse, simungawapeze. Pamene mukusamutsa akaunti iliyonse, ipatseni pasiwedi yatsopano yopangidwa ndi password manager, zilembo 20 kapena kuposa, osakopera yakale. Mukatero makope a Excel aja adzakhala ndi mapasiwedi akufa okhaokha. Ya banki ija nayonso bwana aisinthe asanaitsekere mu sefa, ndipo mukhale pafupi kuti asangosintha nambala ya kumapeto.