Andikana PGCE ya masamu chonsecho ndaphunzitsa masamu zaka 4

aBanda: Aphunzitsi anzanga mwaswera bwanji. Ndithandizeni maganizo, mutu sukugwira. Ine ndili ndi digiri ya zaulimi ya ku Bunda, nditabwera kuno ku Joni ndinapeza malo pa kasukulu kena ka private ku Rosettenville ndipo ndakhala ndikuphunzitsa masamu Grade 10 ndi 11 zaka 4 tsopano, ana amakhoza bwinobwino palibe kholo linabwerapo kudzadandaula. Nde mwezi watha ahedi anandiitana ku ofesi akuti chaka chamawa sakufuna mphunzitsi wopanda pepala la uphunzitsi, ndikapange PGCE, satifiketi ya uphunzitsi ya anthu amene ali kale ndi digiri, kapena ndione kolowera. Ndinaaplaya pa yunivesite ina ndikusankha Mathematics ya FET, ya makalasi akumapeto a sekondale, dzulo ayankha kuti sindikukwanira, mzere umodzi basi. Kodi ndi poti ndine mlendo kapena madigiri akwathu sawawerengera?

Mayi Nachisale: Pepani achimwene. Musanayambe kuganiza zoti ndi poti ndinu mlendo, mafunso awiri kaye. Digiriyo munaipititsa ku SAQA, bungwe la kuno loyeza mapepala a maphunziro? Ndipo ku Bunda masamu munaphunzira mpaka chaka chanji?

aBanda: SAQA ndinapanga kale mayi, anaiika pa NQF 7, mulingo wa digiri yoyamba kuno. Masamu tinapanga chaka choyamba, kenako ka statistics chaka chachiwiri.

Mayi Nachisale: Eya ndi pomwepo pamene pagona nkhani. Digiri yanu aivomera, NQF 7 ikukwana kulowera PGCE, chomwe chakugwetsani ndi transcript. PGCE ndi ya chaka chimodzi, makirediti 120, ndipo sakuphunzitsani masamu mmenemo ayi, amakuphunzitsani kaphunzitsidwe ka masamu amene iwo akuganiza kuti munabwera nawo kale ku digiri. Nde munthu wa ku admissions amatenga transcript ndikuwerenga kuti phunziro limeneli munakwera nalo mpaka pati. FET ndi Grade 10 mpaka 12, pamenepo amafuna kuti phunzirolo munapita nalo patali, ena amati mpaka chaka chachitatu. Senior Phase ndi Grade 7 mpaka 9, apo amafewetsako. Zaka 4 zomwe mwagwira choko sizilembedwa pa transcript, zowawa koma ndi mmene zilili.

Madala a ku Yeoville: Zoona zimenezo, ine zinandionekeranso chimodzimodzi. Digiri yanga ndi ya social science ya ku Chanco ndipo ndinkaphunzitsa English chifukwa ndi imene sukulu inkasowa munthu, ndikupita kukaaplaya English ndi mtima wonse, anandibweza. Chaka chotsatira ndinaika History yomwe ndinapanga mpaka kumaliza, anandilandira osavuta. aBanda inu ndinu munthu wa sayansi ya zamoyo, mukulimbana ndi masamu chifukwa chani? Yang'anani Life Sciences kapena Agricultural Sciences ku FET, ndi Natural Sciences ku Senior Phase. Koma Agric si yunivesite iliyonse ili ndi kosi ya kaphunzitsidwe kake, ndipo masukulu a mtauni muno ophunzitsa zaulimi ndi owerengeka, ine ndikanakhala inu ndikanagwira Life Sciences.

Aise wa pa Bree: Man bwanji osangoyamba BEd, digiri ya uphunzitsi, mukhale ndi pepala loyera la masamu, za PGCE zi ndi zachidule.

Mayi Nachisale: Iii aise, BEd ndi zaka 4, makirediti 480, ndipo pamapeto ake ili pa NQF 7 yomweyo. Munthu ali ndi digiri kale, ali ndi banja ndi lendi ya ku Joni, abwerere chaka choyamba kukakhala ndi ana amene wawaphunzitsa yekha? Ngati mtima uli pa masamu njira ilipo, mutha kulembetsa mamoduli a masamu okha ngati ku Unisa, aja amati non-degree purposes, mukwere nawo mpaka pamene akufuna kenako muaplayenso. Kungoti masamu amayenda motsatana, sungalumphire a chaka chachitatu usanakhoze a chachiwiri, nde muwerengere kuti zitenga nthawi yoposa chaka. Ahedi anuwo akudikirani?

aBanda: Sangadikire amenewo. Koma vuto anandilemba ntchito chifukwa cha masamu, ndikabwera ndi Life Sciences mwina adzati tili naye kale wina.

Madala a ku Yeoville: Kambani nawo bwino, muwafunse chomwe akufuna kwenikweni. Nthawi zambiri chomwe chimawasowetsa tulo ndi kuti mphunzitsi aliyense akhale wolembetsedwa ku SACE, bungwe la aphunzitsi la dziko lino, chifukwa lamulo sililola munthu kuphunzitsa asanalembetse, kaya ndi sukulu ya boma kaya ya private. SACE imalembetsa inu ngati mphunzitsi. Zoti timetable mupatsidwa chani ndi za ahedi ndi sukulu yawo. Komanso funsani yunivesite ngati masamu anu a chaka choyamba ndi statistics ija zingakwane Mathematics ya Senior Phase, kapena Mathematical Literacy. Mukapeza Life Sciences FET ndi Maths ya Senior Phase pamodzi nde kuti phazi limodzi likadali mmasamu, kwinako mudzakwera pang'onopang'ono ndi mamoduli aja mayi anena.

Mayi Nachisale: Chinanso chomwe chimatipweteka ife a kumudzi ndi maina a makosi. Transcript imangoti Crop Science, Animal Physiology, Genetics, munthu wa kuno sadziwa kuti mkati mwake munali botany ndi zoology wochuluka bwanji, ndipo sangakuganizireni, akaona kuti dzina silikufanana ndi lomwe lili pa mndandanda wake amangokanikiza batani. Itanitsani ma course outline a makosi onse a biology ndi chemistry, odindidwa ndi sukulu, muwatumize pamodzi ndi kalata yaifupi yonena kuti kosi iyi inali ya chaka chakuti. Ndipo mulembere ku Faculty of Education kwenikweniko, kwa amene amayendetsa PGCE, osangodalira portal. Musaike mazira onse pa yunivesite imodzi, Wits ili ndi School of Education ku Parktown, UJ ilipo, Unisa ilipo ya kutali, aliyense ali ndi kawerengedwe kake.

Asisi a ku Tembisa: Pepani ndilowerepo, ine ndili ndi satifiketi ya ku TTC ija ya IPTE, ndinaphunzitsa pulayimale kumudzi zaka zambiri. PGCE imeneyi ndingalowe?

Madala a ku Yeoville: Ayi asisi, PGCE imafuna digiri kapena dipuloma ya makirediti 360. Inu njira yanu ndi BEd, ndipo poti muli ndi MSCE muyambire ku Matriculation Board ya USAf, bungwe la mayunivesite a kuno, kukapempha exemption yolowera yunivesite, ilipo ya anthu opitirira zaka 23. Tidzakambe padera imeneyo, ndi yaitali.

Aise wa pa Bree: Musaiwale kumuuza za chilankhulo kkkk. Amafuna uzitha kucheza mchilankhulo chimodzi cha kuno kupatula chomwe ukuphunzitsira, Chichewa sichili pa mndandanda. aBanda Chizulu chawo ndi cha mu taxi, short left ndi after robot basi.

aBanda: Kkkk aise ndisiye, ndimatha kugula tomato pa Noord. Nanga za fizi, Funza Lushaka, bursary ya boma ija ya ophunzira uphunzitsi, ndingayeseko?

Mayi Nachisale: Imeneyo ndi ya nzika za South Africa zokha, musataye data. Fizi ndi ya mthumba mwanu. Chizulu musaope, amaphunzitsa mkati mwa kosi momwemo ndipo ndi chongocheza. Chomwe mukambirane ndi ahedi panopa ndi TP, nthawi yokayeserera kuphunzitsa mkalasi, ndi masabata 8 mpaka 12 ndipo ena amakhala otsatana, mufunse yunivesite ngati ingalole kuti mupangire pa sukulu yanu yomweyo, apo ayi mudzasowa pa ntchito masabata onsewo. Police clearance yambani kuifuna msanga, SACE idzaifuna, ndipo pasipoti ndi permit zikhale zamoyo chifukwa a international office sakulembetsani popanda zimenezo. Masiku otsekera kuaplaya kwa alendo nthawi zina amafulumira kuposa a eni dziko, onani lero lomwe.

aBanda: Ndaitulutsa transcript muchikwama pano. Genetics ndi Plant Physiology zili chaka chachitatu, Animal Physiology chachiwiri, chemistry zaka ziwiri. Abale zaka zonsezi sindinaiwerengepo bwinobwino. Ndiaplaya Life Sciences ndi Natural Sciences, ndifunsanso za Maths ya Senior Phase. Ma outline nditume mlamu wanga ku Lilongwe, alipo akubwera pa basi masiku ano anditengere?

Asisi a ku Tembisa: Mng'ono wanga akunyamuka Lachisanu, afikira pa Park Station. Koma alamu anuwo ayambe awapanga sikani ndikukutumizirani pa WhatsApp, muaplaye ndi amenewo, enieniwo akupezani.