Ndikumwa madzi tsiku lonse koma ludzu silikutha, thumba likungodzaza

Mlimi wa ku Kasinje:

Moni nonse. Ndili kuno ku Kasinje, ku Ntcheu. Mwezi wathawu anandichita opareshoni ku Lilongwe chifukwa tayifodi inaboola matumbo, ndipo adokotala anatulutsa thumbo laling'ono pamimba cha kumanjaku, akuti ileostomy. Akuti adzalibwezera m'kati matumbo akapola. Za thumba lomata pamimba lolandirira chimbudzi ndayamba kuzolowera, mayi a kunyumba ndi amene amadula kabowo kuti kakwane bwino pakhungu.

Vuto ndi ludzu. Kuno ku chigwa cha Bwanje Okutobala si masewera. Chigubu cha madzi a pa mjigo chimakhala pambali pa mphasa, ndimamwa osawerenga, koma m'kamwa mwauma gwa. Ndikamwa kwambiri thumba likudzaza msanga ndi zamadzimadzi, mpaka kudzuka usiku kukakhuthula. Ndikaimirira ndi chizungulire, usiku akatumba akukokana. Mkodzo ukubwera wochepa, wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Apongozi akuti ndizimwa thobwa kuti mphamvu zibwerere. Ndiwonjezere madzi kapena nditani?

Wogulitsa mbatatesi ku Lizulu:

Pepani achimwene. Ine ndili ndi thumba chaka chachiwiri chino, langa ndi colostomy, ine anatulutsa thumbo lalikulu chifukwa matumbo anapotana. Ndimamwa madzi mmene ndafunira, thobwa ndimamwanso, palibe chimene chimandichitikira. Ndiye ine ndikuti wonjezerani madziwo, kwatentha.

Namwino wopuma, Dedza boma:

Bambo a ku Lizulu, musakhumudwe, koma thumba lanu ndi la anzanuwa ndi zosiyana. Ntchito yoyamwa madzi ndi mchere kuchokera ku zotsalira za chakudya imachitika kwambiri m'matumbo aakulu. Inu mbali yaikulu ya matumbo amenewo ikugwirabe ntchito. Anzanuwa chakudya chikutulukira m'njira chisanafikeko n'komwe, ndiye madzi ndi mchere zikupita m'thumba.

Bambo a ku Kasinje, poyamba penipeni: zimene mwalembazo ndi zizindikiro zoti madzi achepa kale m'thupi. Pitani kuchipatala lero, musadikire tsiku limene anakulemberani m'buku. Mwina pakufunika diripi ndi kuyeza magazi kuti aone impso. Anthu a ileostomy ambiri amene amabwerera kukagonekedwa m'masabata oyambirira, chowabweza chimakhala chomwechi.

Tsono nkhani ya madzi, imene ambiri amavutika kuikhulupirira. Madzi wamba alibe mchere. Akafika m'matumbo aang'ono amakoka mchere wa m'thupi, zonse n'kutulukira limodzi m'thumba. Mchere ukachepa ludzu limakula, munthu amamwanso, thumba n'kudzazanso. Zotsekemera kwambiri monga Sobo wokhathamira, Fanta ndi madzi a zipatso nazonso zimakokera madzi m'matumbo. Thobwa la apongozi lidikire kaye, makamaka lothira shuga wambiri, ndipo mowa osayerekeza.

Chimene matumbo anu angayamwe bwino ndi madzi okhala ndi mchere ndi shuga pamlingo woyenera, kutanthauza ORS, Thanzi yemwe uja timapatsa ana akatsegula m'mimba. Paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Muzimwa pang'onopang'ono tsiku lonse, osagugudiza kapu yonse kamodzi. Wotsala akakwana maola 24 tayani, sungunulani wina.

Yezani zotuluka. Dulani botolo lakale la pulasitiki la 500 ml, likhale la ntchito imeneyi basi, muzilemba m'kope nthawi iliyonse mwakhuthula. Thupi likazolowera, zotuluka zimakhala pakati pa 500 ml ndi lita imodzi patsiku. Zikamapitirira lita ndi theka ndiye zachuluka, ndipo pamenepo adokotala amauza munthu kuti achepetse madzi wamba ndi tiyi, nthawi zina osapyola lita imodzi patsiku, zotsalazo zikhale ORS. Kopelo mupite nalo, limathandiza kuposa kungonena kuti "zikutuluka zambiri". Pali mapiritsi a loperamide amene amachedwetsa matumbo, amamwedwa pafupifupi mphindi 30 musanadye, koma mlingo akuuzeni adokotala. Ngati mukutentha thupi kapena m'mimba mukupweteka kwambiri, musagule nokha pagolosale.

Mayi wa ku Bembeke:

Ine ndinadwazika mwana wanga wamwamuna, vuto lomwelo la tayifodi. Zimene anena anamwinowa n'zoona. Ndiwonjezere za kukhitchini. Nsima yolimba, mpunga, nthochi zakupsa, mbatatesi yosenda yophika ndi buledi wopaka chiponde zinkalimbitsa zotuluka. Ndiwo ndinkathira mchere wokwanira bwino. Sankamwa akudya, ankadikira kanthawi akamaliza, apo ayi chakudya chinkangokokoloka. Ndipo kudya pang'ono kangapo kunkamukomera kuposa mbale yodzaza usiku, chifukwa yausikuyo ndi imene imakudzutsa.

Chenjerani ndi chimanga chootcha, mtedza wokazinga, mbuliwuli ndi mango a ulusi aja. Izi zimatha kutseka potulukira. Tafunani kwambiri chilichonse.

Thanzi ankadana naye, akuti amamuchititsa nseru. Ndinkaika botolo mu mtsuko kuti lizizire, ndiye ankamwa. Kuno ku Bembeke kumazizira kale, kwanuko mwina mukulunge botololo ndi nsalu yonyowa. Madzi osungunulira muziwiritsa kapena kuthira WaterGuard, chifukwa munthu wa thumba akatsegulanso m'mimba zimathamanga kwambiri.

Mlimi wa ku Kasinje:

Zikomo nonse. Mlamu wanga wapita kukafuna njinga yamoto, tinyamuka dzuwa likapendeka. Botolo ladulidwa kale. Koma amayi anamwino, lita tsiku lililonse ndi mapaketi ambiri, ndipo pagolosale pano sapezeka nthawi zonse. Akatha ndizitani? Komanso kudimba ndingayambe liti? Anyezi akuuma.

Namwino wopuma, Dedza boma:

Pemphani mapaketi kuchipatalako, ndipo alangizi a zaumoyo a m'dera lanu adziwe za inu. Akakutherani, lita imodzi ya madzi owiritsa, shuga masipuni aang'ono 6 osasefukira, mchere theka la sipuni yaing'ono. Sipuni yake ya tiyi, osati yodyera phala, ndipo musayerekeze ndi maso. Izi ndi zogwirizira chabe, wa m'paketi ndiye wabwino. Ngati muli ndi BP, shuga kapena vuto la mtima, muwauze adokotala musanawonjezere mchere.

Kudimba ayi pakadali pano. Thukuta nalonso limachotsa madzi ndi mchere, komanso kunyamula keni yothirira bala lisanalimbe kungakubweretsereni chotupa cha hernia pambali pa thumbolo. Anyezi athirire mlamuyo. Mukafika kuchipatala muwauze kuti mwakodza kangati kuyambira m'mawa.