Za sipika ndinafunsa ija

Abale, sabata yatha ndinafunsa ngati ndigule sipika ya Bluetooth kapena ya Wi-Fi. Zikomo nonse amene munandithandiza nzeru.

Ndatenga ya Bluetooth. Kuno ku Area 25 magetsi akathima rauta nayo imazima, ndiye ya Wi-Fi ikanangokhala chokongoletsa pabalaza. Iyi ili ndi batire lake.

Loweruka ndinazungulira mashopu ku Old Town. Yoyamba inali yotchipa ndithu, koma nditakweza voliyumu inkangolira ngati chitini chobooka. Ndinasankha yolembedwa IP67, chizindikiro choti siilowa fumbi kapena madzi, poti fumbi la mu Okutobala silinyengerera, komanso itagwera m'beseni la madzi siingafe.

Vuto ndi limodzi: ndikapita ndi foni kuseri kwa nyumba, mamita 10 okha, nyimbo zimadukaduka. Pano foniyo imatsala pakhonde, ine n'kumachapa kuseriko.