Mlaliki akatopa ndi ntchito ya Ambuye, apirire bwanji?

Mkristu_wa_kumudzi: Abale ndi alongo, mlaliki akatumikira zaka zambiri, mpingo osakula, malipiro osakwana, angadziwe bwanji kuti Mulungu adakamufunabe pa ntchitoyo?

Mkulu_wa_mpingo: Mbale, kuchuluka kwa anthu si muyeso wa maitanidwe. Pa Yeremiya 25:3 mneneri akunena kuti analalikira zaka 23, anthu osamvera, koma sanasiye. Chofunika kwa mdindo ndi kukhulupirika (1 Akorinto 4:2). Ayambe wadzifunsa: kodi amawerenga Baibulo kuti adzidyetse yekha, kapena pongofuna ulaliki wa Lamulungu? Kuuma mu uzimu kumayambira pamenepo. Apatule mphindi 30 m'mawa uliwonse, foni itazimitsidwa.

Mayi_wa_Mvano: Zoona, bambo, koma nthawi zambiri vuto ndi thupi. Eliya atapempha imfa (1 Mafumu 19), mngelo anamudzutsa kawiri kuti adye ndi kumwa. Kenako Mulungu anamuuza za anthu 7,000 osagwadira Baala, n'kumupatsa Elisa. Mlaliki amene lero ali pamaliro, mawa kuchipatala, mkuja pa njinga kupita kumlaga, adzagwa ndithu. Tsiku limodzi pa sabata apume, ndipo mpingo udziwe tsikulo kuti asamamugogodere pakhomo.

Mphunzitsi_wa_kalasi: Agawenso ntchito, monga Yetero analangizira Mose pa Eksodo 18. Mutu umodzi susenza denga: akulu ampingo aziyendera odwala, madikoni asunge chopereka. Za ndalama, Paulo ankasoka mahema ku Korinto (Machitidwe 18:3). Dimba kapena nkhuku zingathandize, bola zisadye nthawi yoyendera nkhosa za Ambuye.