Ndinayezetsa katatu, kodi anandiwerenga ngati anthu atatu?

Abale, odziwa za chipatala ndithandizeni. Mwana wanga wauzidwa kusukulu kuti alembe za ziwerengero za COVID-19, ndiye wandikumbutsa zimene zinandizunguza mutu mu 2021. Anandipisa kamtengo ka thonje m'mphuno katatu. Koyamba koyezera pompopompo kanaonetsa kuti kachilombo ndili nako, m'mawa mwake kuyeza kwa ku labu kotchedwa PCR kunatsimikiza, patatha milungu itatu ndinakayezetsanso poti abwana ankafuna pepala, n'kupezekanso nako. Pa manambala a dera lathu omwe ankalengeza aja, ine ndinali munthu mmodzi kapena atatu? Mwanayu ndimuuze chiyani?

Wa ku labu:
Mayi, mabuku ake ndi awiri. M'buku la masampulo oyezedwa munalowa katatu. M'buku la anthu opezeka ndi kachilombo munayenera kulowa kamodzi, koma zimadalira fomu imene imatsagana ndi kabotolo kaja. Ochotsa mayina obwereza amayang'ana dzina, tsiku lobadwa ndi nambala ya foni. Ngati lero munatchula dzina la kwa amuna anu, mawa la kwa bambo anu, kompyuta imaona anthu awiri. Kwachitatu kuja sikudwalanso ayi. PCR imatola ndi tizidutswa ta kachilombo kakufa komwe, nthawi zina mpaka miyezi itatu, n'chifukwa chake mayiko ambiri sankawerenga munthu kachiwiri asanathe masiku 90.

Namwino wopuma:
Ndiwonjezere. Nambala ya "lero" kawirikawiri ndi ya tsiku limene zotsatira zafika ku ofesi, osati limene anakupisani. Kumapeto kwa sabata oyezetsa amachepa, ma labu ena amatseka, ndiye Lolemba zimaoneka ngati matenda atha, Lachitatu n'kuphulika. Mwanayo aphatikize za masiku 7 n'kugawa ndi 7. Komanso munthu amawerengedwa kudera limene amakhala, ngakhale anayezetsera kwina, bola adiresi ailembe bwino.

Wina:
Aaa inu, manambala aja anali ongopeka basi.

Wa ku labu:
Achimwene, kupeka ayi, koma kuperewera inde. Wodziyeza yekha kunyumba osauza aliyense salowa m'buku, wosayezetsa ndiye osanena. Ndipo zolakwika zimachitika ngakhale kwa olemera. Ku England mu 2020, anthu pafupifupi 16,000 opezeka nako pakati pa 25 Seputembala ndi 2 Okutobala sanalowe m'chiwerengero pa nthawi yake chifukwa fayilo ya pakompyuta ya Excel ya mtundu wakale, momwe ankalembamo zotsatira, inadzaza mizere. Ife tinkayang'ana kwambiri peresenti ya opezeka nako mwa oyezedwa. Mu Meyi 2020 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti isapitirire 5 pa 100 kwa masiku 14 dziko lisanafewetse malamulo. Koma nayonso ndi yoterera: labu ikamatumiza za opezeka nako okha n'kusiya za amene alibe, peresenti imakwera popanda chifukwa.

Wofunsa uja:
Zikomo nonse. Ndakumbuka tsopano, pa fomu yachitatu ndinalemba nambala ya foni ya kuntchito, dzinanso analemba ndi R m'malo mwa L. Ndiye kuti mwina ndinali awiri ndithu. A ku labu, zoterezi amazakonza pambuyo pake, kapena zimangokhala choncho m'buku?